Mphala Yanga Itasanduka Dimba

Kulemba ndinakuphunzira mochedwa ine, ku sukulu ya kwacha, mano ena atagwa kale, ndipo cholembera ndimachigwira ngati mpini wa khasu. Koma kuimba, ee, kuimba ndiye ndinabadwa nako. Pa ukwati ndine, pa maliro ndine, ku tchalitchi akasowa woyambitsa nyimbo makosi onse amatembenukira kwa ine. Mukaona mawu anga akubwerera pomwe achoka, akubwereranso, musadabwe. Ndimayankhula choncho, ndilembanso choncho.

Ndikufuna ndinene za nyumba yanga ya ku Makhanga, nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, ya khonde la simenti. Ndinkafuna kuigulitsa kuti ndikamange ina kumtunda, yaing'ono, koma yangayanga.

Anamanga nyumbayo ndi malemu amuna anga. Iwo anadula nzimbe ku esiteti mpaka msana kupindika, ndipo atapuma ntchito anati, "Amayi a ana, za maudzu zatha." Anasankha malo pafupi ndi msewu ndi njanji, pa mphala.

Apa ndiime kaye, chifukwa nkhani yonse yagona pa mawu awiri. Kwathu kuchigwa nthaka ili pawiri. Pali mphala, malo ouma odikira mvula, pomera mapira, mchewere ndi thonje. Mvula ikakana, mwalira. Ndiye pali dimba, kumene madzi a mtsinje amafika, amagona, amabwerera, kusiya matope akuda bii. M'dimba mumabzala chimanga mvula itatha kalekale, mumabzala mbatata, nyemba, maungu, mumakolola dzuwa likuswa mtengo, a ku mphala akungoyang'ana kumwamba. Tili atsikana, mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, azakhali ankanong'oneza kuti, "Kwawoko madzi amafika?" Akati amafika, nthungululu! Akati safika, ankati tiganize kaye.

Chaka china amuna anga anafuna ngongole ku banki, ati agule chigayo. A banki anati nyumba iyambe yaonedwa ndi munthu wodziwa kuwerengera mtengo wa nyumba ndi malo. Anabwera bambo wina woonda ngati bango, nsapato zowala, tepi yoyezera ili m'manja. Anayeza uku, anayeza uko, anagogoda khoma, anayang'ana malata, anasuzumira ngakhale kuchimbudzi. Pomaliza anafunsa amuna anga:

"Madzi amafika pano, bambo?"

"Safika," anatero amuna anga. "Chibadwire changa sindinawaonepo."

Ine ndinali pakhomo ndi chikho cha thobwa, ndipo ndinachita manyazi, manyazi a munthu amene mlendo wamupeza alibe ndiwo. Bamboyo anagwedeza mutu, nalemba. Ndinkati akutimvera chisoni.

Pepala linabwera, la chidindo, ndipo amuna anga analiwerenga akumwetulira. Koma chigayo sichinagulidwe. Matenda anafika msanga kuposa ngongole. Tinawaika amuna anga, pepala lija ndinaliika m'sutikesi, ndipo zaka zinapita, zinapita.

Kenako Ruo, mtsinje wathu, anatopa ndi njira yake. Anabwera m'mawa, wofiira, atabereka nthochi ndi mbuzi za eni kumsana. Analowa m'nyumba osaodira. Anthu anadzatitenga pa boti, tinakakhala pa sukulu, tinalira monga analirira onse. Titabwerera, m'nyumba munali matope ofika m'mawondo, ndipo tinachotsa ndi mafosholo mpaka manja kutupa. Koma kuseri kwa nyumba, mayo ine, kuseri! Paja pankauma gwaa, paja mapira ankamera onyentchera ngati tsitsi la wodwala, panali patagona matope akuda, ofewa, onunkhira. Ndinaponya chimanga mongoyesa. Chinamera. Chinakula. Chinandipitirira mutu, chinabereka ziwiriziwiri. Ndinaimirira pakati pa mundawo ndekha nkuyamba nyimbo imene palibe anandiphunzitsa:

Mphala yanga, mphala yanga,
wakuveka ndani nsalu yakuda?
Ruo, Ruo, mlendo wopanda odi,
walanda mphasa, wasiya chimanga.

Amayi anzanga anaitola, tinkaimba popalira. Msewu unaduka, njanji inapindika ngati waya, masitolo ena anatseka, koma ine ndinali ndi dimba pakhomo penipeni. Azakhali akanakhala moyo akanaluluta.

Madzi anabweranso chaka china, anabweranso. Ulendo womaliza anandipeza ndisanathawe, ndipo anyamata oyandikana nane anandikweza pa denga ngati thumba la makala.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anakwatiwa kumtunda kwa Tengani, tsidya lina la Shire. Anawoloka kudzandiona, nakhala pa khonde nkhope ili ndwii.

"Amayi, chaka chino mwakwera pa denga muli ndi mawondo. Chaka chamawa mudzakwera ndi chiyani? Tiyeni kwathu."

"M'nyumba ya mkamwini? Nkhabe! Ayi ndithu!"

Kwathu mpongozi ndi mkamwini sagona denga limodzi. Mukakumana panjira mumapatukirana, mumapatsana moni nkhope zikuyang'ana kumbali. Mkamwini wanga ndi munthu wabwino, koma ulemu ndi ulemu. Ndingatsokomole bwanji, ndingayasamule bwanji, iye ali kuseri kwa khoma?

"Ndiye mverani," anatero mwana wanga. "Pafupi ndi ife pali malo, pali mtengo wa masau. Mwini wake akugulitsa. Ndamupempha, wati adikira mpaka mvula yoyamba. Gulitsani nyumba ino, mukagule malowo, mumange yanu. Khomo lanu, chitseko chanu."

Khomo langa, chitseko changa. Ndinavomera.

Wogula anapezeka, bambo wa ku Limbe wogula chitowe ndi nandolo, wofuna nyumba yosungiramo matumba. Anabwera m'chilimwe, fumbi lili kobo, mtsinje utabwerera kutali. Anazungulira nyumba akupukuta thukuta, nafunsa ngati pali mapepala. Ndinatulutsa la m'sutikesi. Anawerenga, anawerenganso.

"Agogo, tisavutane. Tiyendere pepala lomweli. Ndiwonjezerapo pang'ono poti zinthu zinakwera."

Mwana wanga anandigwira mkono. Ndinamva zala zake zikunena kuti landirani, landirani. Koma ine ndinamukokera kuseri, ku chimanga.

"Iwe, pepalalo analemba malo ano ali mphala. Lero ndi dimba. Ndigulitse dimba pa mtengo wa mphala?"

"Amayi, anthu a m'tauni amaopa madzi."

"Amaopanso chimanga? Taona ichi. Amaopa ichi?"

"Amayi, ndikukupemphani."

"Abambo ako anafa asanaone dimba pakhomo pawo. Ine ndaliona. Lilembedwe."

Ndinabwerera kwa wogula uja ndi mapewa okwera. Ndinati pepalalo lakalamba, malo anasintha, tiitanenso mwini tepi adzaonenso. Iye anakweza mapewa, nati palibe vuto, tigawana zomulipira. Mwana wanga anakhala pansi pa khonde.

Kumupeza bambo wa tepi sikunavute, dzina lake linali pa pepala. Anawoloka pa mwadiya, bwato lathu la mtengo umodzi lija, buluku atapinda, nsapato zili m'manja. Bango lija linali litanenepa, tsitsi lili mbuu, magalasi pa mphuno.

"Mwanangu, ndiwe yemwe uja?" ndinafuula. "Akudyetsa bwino kumeneko!"

"Ndine, agogo. Koma inu simunasinthe. Thobwa lija lilipo?"

"Lilipo, la mapira. Khala pansi, mimba ikulemera."

Atamwa anafunsa za amuna anga, ndinamuuza, anavula chipewa. Kenako anatulutsa pepala lake lakale lofanana ndi langa, nayamba kulankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mawu ku tchalitchi.

"Agogo, ndisanagwire tepi mumve kaye ntchito yanga. Anthu ambiri akandiitananso amaganiza kuti ndingofufuta tsiku lakale nkulemba la lero. Sizitero. Ndiyenera kuona zonse ndi maso atsopano, ngati sindinabwerepo, kenako ndinene chimene chasintha kuchokera ulendo uja. Mtengo ukhoza kukwera, ukhoza kutsika, ine sindikudziwa. Ndiponso mwandituma awiri, inu ndi wogula. Chimene ndilembe chipita kwa nonse awiri, chofanana. Mwamva?"

"Pyadidi, zili bwino," ndinatero, "ndi zimene ndikufuna. Aone, awerenge, adziwe."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anayang'ananso mwana wanga, amene anali atatembenukira kukhoma. Anafunsanso kachiwiri ngati ndamva, ndipo ine ndinaseka, ndinati makutu okha ndiwo sanakalambe.

Anayeza. M'litali chimodzimodzi, m'lifupi chimodzimodzi. Anagogoda khoma kumunsi, simenti inayoyoka ngati ufa. Anagwada movutikira, nakanda njerwa ndi chala, nalawa.

"Mchere," anatero.

"Wa ulele," ndinatero. "Ena amagula."

Anaseka pang'ono, nalemba. Anaona mng'alu wa kuchipinda, anaikamo cholembera, chinalowa. Anajambula ndi foni yake. Ine sindinade nkhawa, ndinkati aone zing'onozing'onozi, zazikulu zili kuseri. Ndipo ataimirira pa khonde, pomwe paja anaimirira ndi amuna anga, anafunsa funso lija ndinalidikira zaka zonsezi.

"Madzi amafika pano, agogo?"

Mayo! Ndinamanga chitenje bwinobwino.

"Amafika, mwanangu! Amafika, amagona, amadzuka mochedwa! Kale lija unatipeza osauka, lero lemba kuti amafika!"

"Amafika pati?"

Ndinamugwira dzanja ngati mwana. Ndinamuonetsa pa khoma. Ulendo woyamba apa, m'chiuno. Wachiwiri apa, pa zenera. Womaliza, ndinanyamuka ndi zala za kumapazi, apo, pamwamba pa chitseko. Ndinamuuza za denga ndi anyamata ondikweza. Ndinamukokera kuseri, ndinathyola chimanga chachiwisi, ndinachisenda pamaso pake, mano a chimangacho oyera mbee. Ndipo nyimbo ija inangotuluka yokha, ya mphala yanga ndi nsalu yakuda. Amayi a nyumba yoyandikana anamva, anayankha ali kwawo. Ndinavina pang'ono, mawondo omwewo.

Iye anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalembe pamene ndinkaimba. Nditamaliza anati, "Nyimbo yabwino, agogo," ndipo mawu ake anali otsika. Kenako analemba, analemba, analemba.

Anafunsa zina. Galimoto imafika? Ndinati m'chilimwe njinga zamoto zimafika, dzinja ndi maboti. Sitima? Ndinaseka. Nanga chigayo cha pamsika? Anasamutsa, chili kumtunda. Alipo wagulitsa nyumba pafupi posachedwapa? Ndinaganiza. Ndinati uja wa sitolo anagulitsa malata ndi zitseko zokha, makoma anasiya. Uja wa telala chimodzimodzi. Wogula nyumba yathunthu sindinamukumbuke. Anapita yekha kukayenda m'mudzi, kukafunsa ena, nabwerera dzuwa litapendeka, miyendo ili fumbi lokhalokha.

Ndinali nditamuwotchera chimanga. Ndinati, "Tsopano tandinong'oneza, mwanangu. Wakwera bwanji?"

Anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali ndi malaya.

"Agogo, ndikawerengera bwino kuofesi. Koma sindikubisirani. Sunakwere. Watsika, ndipo watsika kwambiri."

Ndinaganiza kuti sanamve. Ndinati, "Ndi dimba ili."

"Ndaliona, ndipo ndililemba. Munda wanu lero ndi wabwino kuposa kale, zimenezo ndi zoona. Koma chimene chinali ndi mtengo waukulu pa pepala lija ndi nyumba: njerwa zouma, msewu pakhomo, njanji pafupi, ndiponso mawu aja a malemu bambo oti madzi safika."

"Safika ndiye anali mawu abwino?"

"Kwa nyumba, inde."

Ndinakhala pansi, pa simenti. Zaka zonse zija ndinkati anagwedeza mutu potimvera chisoni, pamene iye ankatiyamikira.

"Ndiye tichite chonchi," ndinatero. "Vala nsapato zako, kwera mwadiya, tiyerekeze kuti sunabwere. Ya bwato ndilipira ine. Pepala lakale likhale."

"Agogo..."

"Kapena lemba lomwelo, usinthe tsiku lokha. Dzanja ndi lako lomwe, chidindo ndi chako chomwe. Ndani akudziwa?"

"Ndikudziwa ine. Pepala lakale silinaname, linanena za tsiku lija. La lero liyenera kunena za lero. Wogula uja adzaika matumba ake muno chifukwa chokhulupirira dzanja langa. Ndaona mzere wa madzi, sindingakhale ngati sindinauone."

"Ndakuonetsa ndine!"

"Mukanapanda kundionetsa, mchere uja unali utandiuza kale. Inu mwangondiuza mokoma."

Mwana wanga analankhula koyamba. "Achimwene, palibe kachinthu kena koti mungawonjezere?"

"Chilichonse chabwino ndichiika, achemwali. Malata ndi abwino, mitengo ya denga sinadyedwe, khonde ndi lolimba, munda ukubereka. Koma sindingaike chimene palibe."

Chimanga chija anatenga, anati takhuta, monga timathokozera kwathu. Ndinamuperekeza mpaka kudooko, poti mlendo ndi mlendo. Atakwera mwadiya anandiuza kuti ndisadzakwerenso pa denga. Ndinati denga ndi langa.

Pepala latsopano linabwera, masamba ambiri kuposa lakale, ndi zithunzi. Mwana wanga anandiwerengera. Munali zonse: tsiku lija ndi tsiku lino, chimene chinalipo ndi chimene chilipo, mng'alu, mchere, msewu woduka. Munalinso chithunzi cha dzanja langa likuloza pamwamba pa chitseko. Za dimba analemba, sananame, anati nthaka ndi yachonde ndipo imabereka m'chilimwe. Mzere umodzi wokha, kumapeto.

Wogula uja anaimba foni ya mwana wanga. Anali waulemu. Anati, "Uzani agogo kuti matumba anga sadziwa kusambira." Anatchula mtengo wina, woti sungagule ngakhale malo a pa masau aja, osanena za njerwa. Ndinakana. Mwana wanga anayendayenda, anauza a ku tchalitchi, anauza ogula thonje. Aliyense ankafunsa pepala, ndipo mapepala anali atakhala awiri. Kuonetsa lakale lokha, mtima unkanditsutsa. Kuonetsa onse awiri, munthu ankati ndibweranso, osabweranso. Alimi anzanga ankalifuna dimbalo, ankalifuna ndithu, koma iwo ali ngati ine, chuma chawo ndi mbatata.

Mitambo inayamba kusonkhana kumapiri a ku Thyolo. Mwini malo uja anadikira monga analonjezera. Mvula yoyamba itagwa anabwera kwa mwana wanga ndi chipewa m'manja, nati pepani, ena abwera ndi ndalama. Sindimuda. Anasunga mawu ake.

Ine ndinawoloka Shire mvula yachiwiri isanagwe, ndi sutikesi, mphasa ndi nkhuku zanga m'dengu. Nyumba ndinasiyira mwana wa mchemwali wanga kuti azigonamo m'chilimwe ndi kulima kuseri. Amanditumizira chimanga, sandimana.

Masiku ena ndimati ndikanamvera zala za mwana wanga pa mkono paja. Bwenzi pano ndili ndi chitseko changa, bwenzi ndikusesa bwalo langa. Masiku ena ndimaganiza za chitowe cha munthu uja chikuyandama m'chipinda changa chochezera, iye akutchula dzina langa ku Limbe, ndipo ndimati mwina zinayenera kutero. Koma ndisaname, masiku oyambawo ndiwo ambiri. Bambo wa tepi sindimukwiyira. Anandifunsa kawiri ngati ndamva, ndipo ndinati ndamva. Mawu ake ndinawamva onse. Kungoti iye akamati madzi ankanena chinthu china, ine ndikamati madzi ndinkanena china.

Pano ndimagona m'kachipinda ka zidzukulu, m'nyumba ya mkamwini. Iye anandigulira bedi, anakhoma nsalu pakhonde kuti tisamaonane maso ndi maso, ndipo akamalowa amatsokomola patali kuti ndidziwe. Ulemu wake ndi waukulu, ndipo umandilemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. M'mawa ndimadzuka msanga monga ndinazolowera, koma sindituluka. Ndimakhala pa bedi, manja pa mawondo, kudikira kuti asambe, adye, atulutse njinga yake. Pa zenera ndimaona pa masau paja. Anthu amene anagula malowo ndi abwino, ali ndi ana aang'ono, amandipatsa moni. Khoma lawo lafika pa mazenera, ndipo dzulo kwabwera ngolo ya malata.